Kodi Kuonetsa Luso N'kudzitama?

Nkhotakota ndi dziko la amisiri kuyambira kale. M'masiku a Jumbe, amene adakhazikika m'mbali mwa nyanja kumeneko zaka za m'ma 1840, padali afundi odziwa kukhoma zombo zoolokera tsidya lija. David Livingstone atafikako m'chaka cha 1863 adapeza chombo china chili kukhomedwa pagombe. Ntchito ya zombozo idali yoipa, pakuti zidali kunyamula akapolo, ndipo idatha. Koma luso la manja lidatsala. Kufikira lero, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, munthu apeza osema mabwato, osoka maukonde, oumba mbiya ndi oluka mphasa.

Pakati pa amenewa pali mmisiri wina amene anthu samuwerengera kawirikawiri, ndiye wopanga magitala ndi mabanjo. Iye agwira ntchito yake pakhonde kapena patsinde pa mtengo wa mango, ndipo omudziwa ndi anansi ake okha. Koma nthawi zina kumagwa tsiku la khamu, monga la chionetsero cha zaulimi pa boma, kapena chikondwerero cha nyimbo chonga cha Lake of Stars, chimene chidachitikira m'boma la Nkhotakota m'chaka cha 2024. Pa tsiku lotere mmisiri akhala ndi mitima iwiri. Mtima wina uti, "Nyamula magitala ako, ukawayale anthu akaone." Mtima wina uti, "Khala pansi, angakuyese wodzitama." Nanga mwa mitima iwiriyi, wolungama ndi uti?

Gitala ya kunyanja

Funsoli silingayankhidwe bwino ngati munthu sadziwa kulemera kwa ntchito imene ili kunenedwa. Makolo adali ndi zoimbira zawo za nsambo, monga bangwe ndi kaligo. Gitala ndi banjo zidadza pambuyo. Zidafala makamaka ndi anthu obwera ku ntchito za kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndiponso ndi asilikali obwera ku nkhondo yaikulu imene idatha mu 1945. Anyamata a kumudzi adakopeka nawo mawu a zoimbira zatsopanozi, koma ndalama zogulira adalibe. Tsono adayamba kupanga zawo.

Mmisiri atenga chigoba cha galoni ya mafuta, kapena poto wakutha amene amkuta ndi chikopa cha mbuzi. Asema mtengo wowongoka ndi kasemasema, naulowetsa m'chigobamo. Kumutu kwa mtengowo aboola zibowo, nalowetsamo zichiri zokungira nsambo. Nsambozo azichotsa ku waya wa mabuleki a njinga, kapena atenga twaini ya asodzi. Amisiri ena, amene ali ndi sowo ndi puleni, apanga thupi lonse la gitala ndi matabwa opyapyala.

Woona patali ayesa kuti ndi masewera a ana, koma m'katimo muli nzeru. Nsambo payokha ilibe mawu okwanira. Chimene chikuza mawu ndi thabwa, chitini kapena chikopa chimene chinjenjemera pansi pake. Chikakhuthala kwambiri gitala ilira motsamwa, chikapyapyala kwambiri chiphwanyika pokunga nsambo. Ndiponso timawaya topingasa timene zala zipondapo tili ndi malamulo ake. Pa gitala ya nsambo 6 yonga ya m'sitolo, kawaya ka 12 kayenera kukhala pakati pa utali wa nsambo, kuti mawu a pamenepo afanane ndi a nsambo yosaponda, koma okwera. Kakaphonya pang'ono pokha, nyimbo yonse isokonekera. Mmisiri wosapita ku sukulu apeza malo amenewa ndi khutu lake, atalephera kambirimbiri. Ntchito yotere ndiyo imene mwini wake ali kukayika nayo ngati ayenera kuionetsa.

Chionetsero n'chiyani

Chionetsero cha malonda ndi msonkhano umene opanga zinthu ayala ntchito zawo pamodzi, kuti ogula ndi amisiri anzawo azione ndi kuzifanizira. Ku Malawi chachikulu chimachitikira ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Ku maiko ena kuli zionetsero za zoimbira zokhazokha. Ku Anaheim, m'dziko la America, kumasonkhana makampani ndi amisiri a zoimbira ochokera ku maiko ambiri. Ku Berlin, m'dziko la Germany, kudayambika mu 2014 chionetsero cha amisiri opanga magitala ndi manja, ndipo chidachitika kwa zaka zingapo. Kumeneko mmisiri mwini adali kuima pambali pa tebulo lake ndi kuyankha yekha mafunso a anthu.

Ngakhale tebulo la ku Berlin lisiyana ndi mphasa yoyalidwa pa mchenga wa ku Nkhotakota, chochitika n'chimodzi. Munthu aika poyera chinthu chimene adachivutikira kuseri, nalola kuti alendo achigwire, achiyese ndi kunena maganizo awo iye akumva.

Mawu a otsutsa

Anthu amene safuna kuti mmisiri aonetse ntchito yake si opusa, ndipo zifukwa zawo ziyenera kumvedwa.

Choyamba anena za mwambo. Mwana woleredwa bwino aphunzira kuti munthu sadzichemerera yekha. Amchemerera ndi ena. Akulu amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Tsono munthu amene anyamula zopanga zake nakaima nazo pa khamu aoneka ngati ali kunena kuti, "Taonani ine, ndiposa inu nonse."

Chachiwiri anena za nsanje. M'mudzi anthu akhala mofanana, adya nsima ndi usipa chimodzimodzi. Wina akatchuka, nabwera ndi ndalama za alendo, mitima ya ena iwawa. Ayamba kumjeda, ena kumnenera kuti ali ndi mankhwala. Chifukwa chake ambiri aganiza kuti mtendere ndi anansi uposa mbiri.

Chachitatu ndi manyazi, ndipo ichi mmisiri sachitchula ndi pakamwa. Iye adziwa kuti pa khamu padzakhala woimba wina wokhala ndi gitala ya ku fakitale, yonyezimira, ya nsambo zogula. Pambali pake gitala ya galoni ioneka ngati chizindikiro cha umphawi. Aopa kuti anthu adzaseka, ndipo kuseka kwa khamu kupweteka koposa ndodo.

Umboni wa bwato

Kuti munthu aone ngati zifukwazi zikwanira, ayang'ane wosema bwato. Iye atha masabata ali kusema chipika. Tsiku lomaliza, anthu akokera bwatolo kumadzi mudzi wonse ukupenya. Palibe amene amati wosemayo ali kudzitama. Onse adziwa kuti tsikulo ndilo tsiku la mlandu wake. Bwato likapendekeka, kapena likayamba kulowa madzi, palibe mawu amene angamuombole. Likayenda bwino pa mafunde a mwera, iye safunika kunena kanthu.

Pamenepa paoneka kusiyana kwa kudzitama ndi kuonetsa. Wodzitama alankhula zazikulu, koma safuna kuti zonena zake ziyesedwe. Akhala pabwalo nati, "Gitala yanga ilibe inzake kuyambira kuno mpaka ku Salima," koma gitalayo ili m'nyumba, ndipo wofuna kuiona auzidwa kuti abwere mawa. Woonetsa apereka gitala m'manja mwa mlendo nati, "Imbani, bambo, mumve nokha." Pakutero wadzichotsera mphamvu yodziweruza yekha, naipereka kwa ena. Munthu wotere ali pafupi ndi kudzichepetsa koposa uja wobisa, pakuti nthawi zina wobisa abisa chifukwa safuna kumva kuti ntchito yake ili ndi chilema. Kunyada kumabisalanso m'manyazi.

Ndiponso kubisa kuli ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi ena. Luso la manja silikhala m'buku. Likhala m'maso ndi m'zala. Mnyamata aphunzira poona. Mmisiri akagwira ntchito mobisa, namwalira, luso lake liikidwa naye pamodzi. Iye mwini salinso kukula, chifukwa saona mmene mnzake wa ku Nkhata Bay kapena wa ku Mangochi akungira chikopa kapena ayezera timawaya. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Mbiri ichitira umboni zimenezi. Hugh Tracey adayenda m'dziko la Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo, ndipo mawu a bangwe a masiku amenewo amvekabe lero chifukwa eni ake adalola kuimba pamaso pa mlendo. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, adali kuimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana nawo mu 1967, ndipo pambuyo pake nyimbo zawo zidamveka ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adadzipangira babatoni, choimbira chachitali cha nsambo imodzi chokhala ndi ng'oma kumunsi, ndipo anthu a maiko ambiri adamdziwa atamuona pa intaneti ali kuimba m'mbali mwa nyanja. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, a Madalitso Band, adaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala ya nsambo 4. Mu 2017 adakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo adayenda maiko a ku Ulaya. Mu 2020 bungwe la UNESCO lidalemba luso lopanga ndi kuimba sansi, la ku Malawi ndi ku Zimbabwe, m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Zonsezi sizikadachitika eni luso akadakhala m'nyumba. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kunena za nsanje, n'zoona kuti ilipo. Koma nsanje ndi nthenda ya woona, ndipo sichiritsidwa pakuti waluso wakwirira luso lake. Mudzi umene aliyense aopa kuposa mnzake ukhala wosauka wonse pamodzi. Chimene mmisiri angachite ndi kutsegula khonde lake, kuti ana a anansi aphunzirepo, ndipo mbiri yake ikhale ya mudzi wonse.

Msampha wa chionetsero

Komatu amene anena kuti chionetsero chiononga mtima sanama kotheratu. Ngozi ilipo, koma ili pena. Pa khamu pali phokoso, ndipo anthu apita mofulumira. Diso lifika msanga kuposa khutu. Tsono mmisiri ayesedwa kuti atayire nthawi yake pa penti ndi vanishi, nanyalanyaza mawu. Chaka ndi chaka magitala ake anka nakongola, koma kulira kwake kunka kuchepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya mmisiri wina wa ku Spain ithandiza pano. Dzina lake adali Antonio de Torres, amene adabadwa mu 1817 namwalira mu 1892, ndipo maonekedwe a gitala ya masiku ano atsata kwambiri ntchito yake. Mu 1862 adapanga gitala imene msana ndi nthiti zake zidali za chikatoni, koma thabwa lapamwamba adalisema mosamala monga mwa nthawi zonse. Gitalayo idalira bwino, ndipo isungidwa kufikira lero ku Barcelona. Phunziro lake ndi lakuti ubwino wa choimbira suchokera ku kudula kwa zipangizo zake zonse. Mmisiri wa ku Nkhotakota asachite manyazi ndi galoni yake. Manyazi achite ngati galoniyo silira.

Kulinso nkhani ina yofanana ndi imeneyi, koma yotembenuka. Ku Oxford, m'dziko la England, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Ashmolean, muli vayolini imene Antonio Stradivari wa ku Italy adapanga mu 1716. Ndi imodzi mwa zoimbira zotchuka koposa pa dziko lonse. Ikhala m'bokosi la galasi, ndipo anthu angoiyang'ana. Kuisunga kotero kuli ndi phindu, pakuti amisiri aphunzira poona mmene idapangidwira. Koma choimbira chidalengedwera kulira, ndipo mmisiri wamoyo amene ayamba kupanga magitala oyenera galasi lokha waiwala chimene adayambira ntchito.

Yeso lalikulu lidza pa nthawi ya malonda. Kunyanja mpweya ukhala wonyowa m'dzinja ndi wouma m'chilimwe. Thabwa losauma bwino likhota, ndipo dzuwa la Okutobala likafika ling'aluka. Tsono pakhale mmisiri amene adafulumira, napanga gitala ndi thabwa laliwisi, ndipo mng'alu waung'ono wayamba kale pansi pa penti. Kunyumba ufa watha, ndi mwana wabwezedwa ku sukulu. Pafika mlendo amene akwera galimoto mawa ndipo sadzabweranso. Agwira gitalayo, naikonda, nafunsa kuti, "Afundi, kodi imeneyi ndi yolimba?"

Palibe mfumu kapena wapolisi amene adzamva mlanduwu. Njala ya mmisiriyo ndi yeniyeni, ndipo munthu wokhuta asafulumire kumdzudzula. Koma akayankha kuti, "Ndi yolimba ndithu, bwana," wasandutsa chionetsero kukhala msampha. Chimene chidachititsa kuti kuonetsa kwake kusakhale kudzitama chidali chakuti adalola ntchito kudzinenera yokha. Tsopano waitseka pakamwa ndi penti, nalankhula m'malo mwake. Ndipo woonongeka si mlendo yekha. Gitala ikasweka kutali, mwini wake sadzakumbukira dzina la mmisiri. Adzangoti zopanga za ku Nkhotakota n'zachabe, ndipo amisiri onse a m'gombemo adzasenza mlandu wa munthu mmodzi. Njira yolungama ilipo, ngakhale ipweteka: aloze mng'aluwo, atsitse mtengo, kapena apereke gitala ina yosakongola koma yolimba. Ndalama zidzachepa tsiku limenelo, koma adzatha kuyalanso mphasa yake chaka chamawa popanda kuyang'ana uku ndi uku.

Zoona zitatu

Mmisiri woima pa chionetsero ali ndi ngongole ya zoona zitatu kwa anthu.

Choyamba, anene zoona za chinthucho: zimene adapangira, ndi zilema zake ngati zilipo. Chitini achitche chitini, ndipo thabwa wamba asalitche mlombwa.

Chachiwiri, anene zoona za kumene adatenga mtengo. Mbawa ndi mlombwa zili kuchepa, ndipo mitengo yambiri yotsala ili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015 mogwirizana ndi boma. Gitala yosemedwa ndi mtengo wodulidwa usiku m'nkhalangomo ndi katundu wakuba, ngakhale ilire bwino chotani. Chitseko chakale kapena chipika chakugwa chokha chipereka thabwa louma bwino, ndipo mwini wake sachita nacho mantha.

Chachitatu, anene zoona za amene adamphunzitsa. Palibe munthu adabadwa ndi kasemasema m'manja. Wina adaonera amalume ake, wina adamasula banjo ya mnzake usiku kuti aone za m'kati. Mmisiri amene atchula mphunzitsi wake pa khamu wazula muzu wa kudzitama, pakuti wavomera kuti luso adachita kulandira ndipo adzalisiyira ena.

Udindo wa oonerera

Chionetsero chili ndi mbali ziwiri, ndipo oonerera nawonso ayesedwa. Pali ena amene aseka asanamve kulira kwa chinthu, chifukwa choti adazolowera kuganiza kuti chabwino chilichonse chichokera kunja. Pali ena amene agula mwa chifundo, monga opereka kwa wopempha, nakapachika gitala pakhoma ngati chokongoletsa. Amenewanso anyoza mmisiri, ngakhale ali kumwetulira, pakuti sadamuyese munthu wa ntchito. Pali enanso amene anenerera mtengo mpaka mmisiri agulitsa ntchito ya masabata awiri pa mtengo wa mulu wa nsomba, chifukwa aona kuti dzuwa lapendeka ndipo iye alibe ndalama yobwererera kwawo.

Woonerera wolungama atenga gitala, naiimba, kapena apempha wodziwa kuti amuimbire. Ikakhala yabwino anena kuti ndi yabwino, nalipira mtengo woyenera. Ikakhala ndi chilema anena mwaulemu kuti, "Achimwene, nsambo yachitatuyi ili kukhudza waya," pakuti mawu otere ndiwo amene mmisiri adzapita nawo kwawo ndi kuwagwiritsa ntchito. Kuyamika kwabodza sikudawongolepo gitala ndi imodzi yomwe.

Mathero

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Kuonetsa luso si kudzitama, malinga mmisiri alola ntchito yake kuyesedwa ndipo sanama za iyo. Mwambo wa makolo woletsa kudzichemerera ndi wabwino, koma uletsa pakamwa potamanda mwini wake. Suletsa manja kutulutsa zimene apanga. Mmisiri wa m'mbali mwa nyanja anyamule magitala ake pa tsiku la khamu. Awayale, akunge nsambo bwino, ayankhe zoona kwa aliyense womfunsa, ndipo apereke gitala kwa wofuna kuiyesa. Zotsala adzanena ndi amene amva.

Mafunso okambirana

1. Kodi wodzitama ndi woonetsa ntchito yake asiyana bwanji?
2. Mmisiri wa gitala yong'aluka uja akadakhala mbale wanu, mukadamlangiza chiyani?
3. Tchulani luso lina la m'mudzi mwanu limene lidatha chifukwa eni ake sadaphunzitse ena.